Sikisi Wosanduka Eyiti

Panali munthu wina wa ku Nambuma, dzina lake Lazaro Mkanthama, amene ankayendetsa ndege. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Lazaro anali wachiwiri kwa kaputeni pa kampani ina yaing'ono yonyamula madokotala ndi alendo okaona nyama. Kwawo ndege iliyonse ikamadutsa, anthu ankaloza kumwamba n'kumati, "Uyo mwana wa a Imelda."

Mu Malichi 2016 analemba mayeso a m'kalasi oti adzakhale kaputeni, nakhoza bwino. Anatsala ndi mayeso a m'mwamba okha. Lamulo lake linali lakuti zotsatira za m'kalasi zimatha mphamvu pakadutsa zaka ziwiri, koma munthu akakhala kuti akadali pa maphunziro a kampani imene analemberako, zimagwirabe ntchito. Ukangochoka, amawerenga kuchokera tsiku limene unalemba.

Zaka ziwirizo zitangodutsa, kampani ina yaikulupo inamuitana. Kaputeni wachikulire amene ankauluka naye, a Adamson, anamukokera pambali.

"Lazaro, dikira miyezi itatu umalize mayeso a m'mwamba konkuno. Ukachoka lero, pepala lakolo lafa."

"Akulu, ndikachedwa malowo akapatsa wina."

"Ndiye ukalembenso kumeneko. Usakachite zachidule."

Lazaro anagwedeza mutu ngati wamva, mawa lake n'kusiya ntchito.

Atafika kwatsopanoko anamva kuti mayeso obwereza adzakhalako pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pamene kampani inkafuna munthu sabata yomweyo. Anatenga fotokope ya pepala lake ndi bolopeni yakuda, n'kupinda kamutu ka sikisi mpaka anakhala eyiti. 2016 inasanduka 2018. Anaijambulanso kuti inki isaoneke.

Mu ofesi yolandira mapepala anapezamo Anesi, mwana wa a Yesaya, akatekisiti a kwawo. Awiriwa anakulira limodzi ndipo ankaimba kwaya imodzi.

"Achimwene, fotokope yokha sitilandira. Pepala lenileni lili kuti?"

"Lili m'sutikesi kwa amayi kumudzi, achemwali. Ndibwera nalo Lolemba. Kodi ine ndingakunamizeni?"

Anesi anaseka, nadinda chidindo, n'kusayina kuti pepala lenileni waliona. Lolemba linadutsa, linzake linadutsanso, nkhani n'kuiwalika.

Patapita miyezi isanu kunabwera anthu oyendera mafayilo a oyendetsa ndege. Atayerekeza ndi zimene zinalembedwa kumene mayeso anachitikira, madeti anasiyana. Bwana wa kampani anaitana Lazaro ndi Anesi m'chipinda chimodzi.

"Deti iyi anasintha ndani?"

Lazaro anayang'ana patebulo. "Ine ndinapereka pepala lenileni kwa mayiwa. Zimene zinachitika pojambula sindikuzidziwa."

Anesi anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Siginecha iyi ndi yanu, mayi?" anafunsa bwanayo.

"Ndi yanga."

"Mumafuna kuthandiza wakwanu, eti?"

Tsiku lomwelo bwanayo anamuchotsa ntchito Anesi, ndi kalata yomutcha wachinyengo. Lazaro anangoimitsidwa kaye ntchito. Analembanso mayeso, nakhoza, ndipo chaka chisanathe anali kaputeni.

Koma ukaputeniwo sunamukomere. Khomo la ofesi ija ankalizungulira kutali. Kutchalitchi anzake akamapita kukalandira Ukalistia, iye ankatsala pabenchi. Kumudzi anasiya kupita, amayi ake akafunsa ankangoti, "Ntchito, amayi."

Pa Pasaka amayi ake anakana zifukwa zonse, ndiye anapita. Misa itatha, a Yesaya anamupeza panja namugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwana wanga, zikomo. Anesi anatiuza kuti anasokoneza yekha mapepala, ndipo kuti pa kampani ponse ndiwe wekha unamuyankhulirako. Mulungu akudalitse."

Lazaro anangoti, "Zikomo, bambo."

Mawa lake anakamupeza Anesi m'chigafa akusankha fodya.

"Achemwali, bwanji munawauza zimenezi bambo?"

"Mumafuna ndiwauze chiyani? Amayi anu amakhala benchi yachiwiri, bambo anga amaima kutsogolo n'kumaphunzitsa. Akanamayang'anana bwanji?"

"Ndikhululukireni."

"Manja anga ali ndi ntchito, achimwene. Pitani bwino."

Lachitatu Lazaro analowa mu ofesi ya bwana uja n'kuulula zonse, nalemba ndi dzanja lake. Chiphaso chake choyendetsera ndege anamulanda. Kampani inalemba kalata yoti Anesi sanasinthe deti, koma inati pamalo pake pali kale munthu wina, komanso iye anasayina pepala asanalione.

Kalatayo Lazaro anaitenga yekha mpaka ku Nambuma. Anesi anaiwerenga ali chiimire pakhonde, naipinda.

"Mwaulula kuti mtima wanu upume. Chabwino, upume. Koma mwana wanga ndinamuchotsa kale sukulu ya kutauni, ndipo lero bambo adziwa kuti inenso ndinawanamiza. Muwauza ndinu. Ine ndatopa."

Lazaro asanayankhe, a Yesaya anatulukira kuchokera kumunda, khasu lili paphewa, akumwetulira.

"Aa, Lazaro! Wabweranso kudzationa? Anesi, mupatse mpando mwana wathuyu."

Phunziro: Mukamasintha ntchito, funsitsani ngati mapepala anu akagwirebe ntchito kumene mukupitako, ndipo ngati atha mphamvu, kalembeninso ngakhale muchedwe. Bodza lanu limagwera amene anakukhulupirirani, ndipo kuulula mochedwa sikumubwezera zimene anataya. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa mnzanu amene akuthamangira ntchito yatsopano, komanso kwa amene amasayina mapepala a anthu akwawo asanawaone.