Sabina Atsitsa Ziro

A Goliati anatsamiritsa njinga pakhoma la kalasi ya Sitandade 7, mawu atawakonza kale. Fodya ankadikira manja m'chigafa, ndipo mwana wawo Sabina, amene anabwerera kusukulu atabereka, anayenera kusiya sukulu tsiku lomwelo.

Atasuzumira pawindo anamuona ali pabolodi, choko m'manja, diresi itanyowa mkaka pachifuwa. Aphunzitsi anali atalemba 17 pamwamba, 4 pansi, n'kumuuza kuti aisandutse desimo.

Sabina anajambula kanyumba kogawira, 17 mkati, 4 panja. Analemba 4 pamwamba, n'kuchotsera 16. Panatsala 1.

"Yathera pomwepo," a Goliati ananong'ona. Iwo samu anazilekezera pamenepo. Chotsala chinali chotsala basi.

Kumbuyo mnyamata wina analira ngati khanda, anzake n'kufa nacho chiseko. Sabina sanacheuke. Anadina kadontho pambali pa yankho lake, n'kutsitsa ziro pafupi ndi 1 uja, nambala n'kusanduka 10. Anagawa, panatsala 2. Anatsitsanso ziro wina, n'kugawa 20 mpaka osatsala kanthu. Pansi pa 4.25 anadula mzere mwamphamvu moti choko chinathyoka.

Aphunzitsi anaona mutu pawindo. "Kodi bambo, tikuthandizeni?"

Sabina anatembenuka, nkhope n'kugwa.

A Goliati anavula chipewa. "Ayi aphunzitsi, ndimangodutsa. Koma ziro ujayu wamutenga kuti?"

"Akakuuzani yekha akaweruka."

Anakwera njinga kubwerera kuchigafa chawo ku Nsaru, pakaliyala popanda munthu.