Madontho a Chamba mu Tiyi wa Bambo

"Everton, undibwezere tulo tanga," anatero Mayi Icilda, akumenyetsa kabotolo ka mafuta a chamba pa kauntala ya Everton, wogulitsa mankhwala m'tauni ya Mandeville. "Unati madontho atatu okha, munthu agona mpaka kutacha."

"Mumadontheza pansi pa lilime, mayi?"

"Ine wa kwaya ndimwe chamba? Ndimathira mu tiyi wa amuna anga kuti asiye kundidzutsa ndi nkhani za mpira."

"Ndiye sakugona?"

"Akugona, koma mkonono wake malata akuchita kunjenjemera."

"Mankhwala agwira ntchito amenewo. Sindibweza kanthu."

Mayi Icilda anasuzumira pakhomo, anaona kuti panalibe wa kumpingo, ndipo anatsitsa mawu.

"Ndipatse kabotolo kena koti ndizimwa ine, pa theka la mtengo. Ukakulunge bwino, kakulowa m'chikwama cha Baibulo."