Mafunso Atatu a Shamsa

"Wachotsa mafunso anga ndani?"

A Makwinja, eni ake a kampani yosoka mayunifolomu ku Zingwangwa, anaima kumbuyo kwa mpando wa Shamsa, tepi yoyezera ili m'khosi. Mashini onse osokera anangoti zii.

"Ndine, bwana," Shamsa anayankha. Ntchito yake inali yosaka makasitomala pa intaneti, ndipo fomu ya pa intaneti yofunsira mitengo ya mayunifolomu anali ataidula m'mawa womwewo osawauza. "Mafunso khumi ndi anayi aja amatopetsa anthu. Akangofika pa adiresi ndi chiwerengero cha antchito, amathawa. Ndasiya atatu: dzina, nambala ya foni ndi dzina la kampani. Zinazo tizifunsa tikawaimbira."

"Ndiye tizidziwa bwanji kuti ndi kampani yeniyeni, osati munthu wongosewera ndi foni? Bwezeretsani pompano, apo bii mundisiyire makiyi a ofesi."

Ntchitoyi Shamsa anaipeza atakhala pakhomo zaka ziwiri. Anatsegula fomu yakale ija kuti aibwezeretse.

Nthawi yomweyo foni ya ofesi inalira: wina anali atadzaza fomu yaifupiyo. A Makwinja anaitola foniyo n'kuwerenga mokweza dzina la kampani ya alonda ya ku Machinjiri, yomwe anakhala akuinyengerera chaka chathunthu osayankhidwa. Anawerenganso kachiwiri, motsitsa mawu.

"Musakhudze chilichonse," anatero, akuthamangira panja kukaiimbira foni kampaniyo.

Koma chala cha Shamsa chinali chitadina kale, ndipo mafunso onse aja anali atabwerera.