Chithunzi Chotsogolera Bokosi la Fletcher

Dzina la kamera linaoneka pa laputopu, kenako linazimiririka.

"Yaipeza, alamu, koma yaitayanso," anatero Dumisani. Kamerayo inali idakali mbuu ndi fumbi la mpunga umene anaikwiriramo kuti iume, ataivula pakhosi pa malemu Fletcher, achimwene ake, tsiku limene asodzi anawavuula m'nyanja.

Loveness, mkazi wa malemuyo, anasendera pafupi. Amuna ake anajambula alendo osawerengeka ku Senga Bay, koma eni ake ankakana kujambulidwa. Analola kamodzi kokha, Lamulungu lapitali, ndipo Loveness ndiye anawajambula ndi kamera yomweyi. Chithunzi chimenecho ndicho ankafuna chitsogolere bokosi.

Khadi losunga zithunzi linakanirira m'kati mwa kamera. Pobayira chingwe panali patachita dzimbiri. Njira yotsala inali bulutufu basi, yolumikiza popanda chingwe.

Dumisani anazimitsa zonse n'kuyatsanso. Anafufuta dzina la kamera n'kusakanso. Ulendo uno laputopu inalemba manambala.

"Ikuti tivomereze pa kamerapo."

"Vomerezanitu."

"Galasi lake loonetsa zolemba linafa, alamu. Sindikuona podina. Ndikaphonya ndikhoza kufufuta zonse."

Panja amayi a Mvano anayamba nyimbo yonyamulira maliro. Kagetsi ka batire pa kamerapo kanayamba kuphethira kofiira.

Loveness anatenga kamerayo n'kumasisita mabatani ake. Limodzi linali loperepeseka kuposa ena onse, pamene chala cha amuna ake chinkakhala tsiku lonse. Anadina limenelo.

Kamera inangoti thapu, n'kujambula malata a denga. Kenako kagetsi kaja kanazima.