Pageti pa Sukulu

"Amayi, ndisiyeni dzanja, mayeso ayamba," anadandaula Nobuhle.

Winifred sankafuna kuti mwana wakeyo abwerere kusukulu mliri wa korona usanathe. Koma ataona mlonda wa pasukulu ya ku Entumbaneyo akuyeza aliyense kutentha kwa thupi pageti, mtima unakhala pansi. Anamulola kulowa.

Veronica, woyandikana naye nyumba, anabwera kwa Winifred akumwetulira.

"Hawu, amake Nobuhle, ndapulumuka! Akuzike wanga wachezera kutsokomola, thupi ngati moto. Ndamumwetsa panado m'mawa, wadutsa osagwidwa."

Winifred anathamangira kugeti, koma mlonda anali atakhoma kale. Mkatimo, Nobuhle ndi Akuzike ankalowa m'kalasi atagundanitsa mitu, akunong'onezana, mamasiki ali pachibwano.