Kope la a Stefano

"Kope lija tawaikira m'bokosi," anatero mayi Malita, mkazi wa malemu. "Lili pansi pa manja awo, limodzi ndi kolona."

Eunice anatembenukira kudzenje. Adzukulu anali atayamba kale kukwirira, dothi lofiira la ku Guilleme likugunda pabokosi.

Ku boma, m'kachipinda kake kosindikizira mabuku, Eunice anali atataipa nyimbo khumi ndi ziwiri zokha za malemuwo, katekisiti Stefano. Zina makumi atatu zinali m'kopemo, ndipo palibe munthu anali ataziimbapo.

Makasu anali asanafike patali. Eunice akanatha kuwaimitsa adzukuluwo. Anasuntha phazi limodzi.

"Kodi ndalakwitsa, mwanangu?" mayiwo anamugwira dzanja. "Tsiku ndi tsiku ankadandaula kuti nyimbo yomaliza ikuwakana, ngakhale apemphere chotani. Ndiye ine ndinati kumene akupitako akaimalize, poti mwini nyimbo ali komweko. Pensulo ndawaikiranso."

Eunice anayang'ana zala zokakala zimene zinamugwirazo. Anabweza phazi lija.

"Simunalakwitse, amayi," anatero.

Anaima pomwepo mpaka dothi linasiya kumveka pathabwa.