Mabedi a Mphoto

"Onse akutsokomolawa atuluke, akutikwinyira mabedi!" anakuwa a Metroni, mkulu wa anamwino.

Anamwino anakankhira odwala onse m'chipinda chosungira mamopu, n'kuyala nsalu zatsopano. Oweruza a mphoto ya unamwino wabwino anali m'njira.

"Mayi, nanga bambo ali pa diripiwa?" anafunsa namwino wina.

"Choimikira diripi chili ndi matayala, mwanawe. Iwe uzingomwetulira monga tinaphunzirira muja."

Oweruza anayendera wodi yonse, akusisita mapilo osalala. Mkulu wawo anachita kuomba m'manja.

"Ukhondo wake! Koma anamwino onsewa, wodwala ngakhale mmodzi palibe? Enanu tikutumizani kuchipatala komwe kuli ntchito."

A Metroni anapitiriza kumwetulira monga anaphunzirira. Kuseri kwa chitseko, wina anatsokomola.